Nyumba ya Pamwamba pa Phanga

Amuna anga amadziwika ndi dzina loti a Levulo, chifukwa kwa zaka makumi atatu sanatulukepo pakhomo opanda levulo m'chikwama, chida chokhala ndi kadontho mkati choyezera ngati khoma lawongoka. Ndi mmisiri wa pulasitala. Akalowa m'nyumba ya munthu moni amapereka maso ali pakhoma, ndipo pobwerera amandinong'oneza kuti ngodya ya pabalaza paja yapendama ndi chala chathunthu. Kupatula zimenezo, ndi munthu wa mawu awiri patsiku. Wa pakamwa m'banja mwathu ndine, sindikana, ndipo m'nkhani ino pakamwa pangapa pali ndi gawo lalikulu.

Nyumba yathu anamanga okha, Loweruka ndi Loweruka, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Inali ya zipinda zinayi ndi khonde, m'mbali mwa phiri limene limagawa mzinda wathu pawiri. Tikakhala pakhondepo tinkaona msewu waukulu ukuzungulira phirilo m'munsi, magalimoto atathithikana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu ankatha kutsika minibasi, kukagula buledi, kucheza ndi wogulitsayo, n'kubwerera kudzaipeza minibasi ija ili pomwe anaisiya. Ndiye boma litalengeza kuti liboola phirilo kuti msewu udutse pansi, tonse tinaomba m'manja, ndi ine ndemwe. Ndalama zake anazitchula pa wailesi, nambala yaitali yoti umaiwala poyambira munthu asanamalize kuitchula. Anati tidzabweza pang'onopang'ono, aliyense wodutsa azidzalipira pa zipata. Msewuwo unali ndi dzina lake la m'mapepala, koma ife tinkangoti phanga.

Palibe anatiuza kuti phangalo lidzadutsa pansi pa mabedi athu. Tinadziwira makapu. Makina oboola atafika pansi pa dera lathu, makapu m'kabati anayamba kugundana okha, madzi m'ndowa n'kumanjenjemera popanda wowakhudza. Patapita miyezi iwiri khoma la pabalaza linang'aluka kuchokera pangodya ya windo mpaka kudenga. Mng'alu wina unatulukira kuchipinda kwathu, wina pakhonde, pamwamba pa chitseko penipeni, kuti mlendo aliyense ayambe wauona asananene odi.

A Levulo sanaikhudze ming'aluyo. Ankati nthaka ikuyendabe, kumata panopa n'kutaya simenti. Madzulo aliwonse ankangolowetsamo chikhadabo, kenako kamtengo ka machesi, kenako pensulo, n'kupukusa mutu. Ine zinkandiwawa. Aneba athu a Telala, omwe nyumba yawo inapendama kalekale za phanga zisanamveke n'komwe, ankaima pampanda n'kufunsa mwaulemu wonse ngati tikufuna atipezere mmisiri wabwino. Ankaseka okha mpaka kutsokomola. Amuna anga ankangomwetulira, ine ndinkapsa mtima tsiku lonse.

Kenako kunabwera kalata, khomo lililonse yake. Inali ya mizere inayi. Inati Lachinayi la sabata yachiwiri kudzabwera akatswiri a ntchito ya phanga kudzayendera nyumba zonse za m'dera lathu ndi kuzijambula zithunzi, mkati ndi kunja, ndipo eni ake adzapezeke pakhomo. Chifukwa chake sinanene. Kalata imeneyo ndaiwerenga kambirimbiri chichokere nthawi imeneyo, kufuna mawu amodzi oti ndiwaloze kuti awa ndi amene anandinamiza, koma mulibe. Ndinadzinamiza ndekha.

Ine ndinaleredwa kuti kukamabwera alendo umasesa, umakolopa, chong'ambika umachibisa kuchipinda. Ndiye awa sanali alendo wamba, anali a makamera. Komanso panali china. Chaka chimenecho a Levulo anapita kawiri kukafunsira ntchito kuphangako, poti makoma a polowera ankafuna amisiri, ndipo kawiri konse anabwezedwa pageti chifukwa analibe pepala la kusukulu ya zaumisiri. Ine ndinaona kuti mwayi wadzibweretsa wokha pakhomo. Ndinawauza kuti pepala lawo ndi nyumba ino, kuti mainjiniya akaona makoma osalala adzafunsa okha kuti wagwira ndani, koma akaona ming'alu zithunzi zake zidzayenda ofesi ndi ofesi, anthu akuseka mmisiri wogona m'nyumba yong'aluka. Iwo anati tidikire, timve kaye chimene anthuwo akufuna. Ndinawakhalira m'khutu masiku atatu, pakudya, pochapa, ngakhale akumeta ndevu. Tsiku lachitatu ndinanena mawu amene ndimadana nawo mpaka lero.

"Kapena manja anatha, bambo? Nenani, tiwauze a Telala atipezere mmisiri wawo uja."

M'mawa mwake ndinamva wilibala ikulira panja.

Ntchito imene anagwira masiku anayi amenewo sindinaionepo kwina kulikonse. Mng'alu uliwonse anayamba aukulitsa ndi tchizulo, n'kuutsuka ndi burashi, n'kuuthira madzi mpaka njerwa zitakhuta. Anakhomerapo waya wa sefa n'kumata kawiri, koyamba kokhakhala, kachiwiri kosalaza, akuyendetsa chipande chawo chomangira mopepuka ngati akudzoza mwana mafuta. Chimene chinandigometsa ndi penti. Anati penti watsopano pakhoma lakale amaoneka ngati chigamba pa thalauza, ndiye anasakaniza wotsala m'chitini ndi tifumbi ta pawindo, akuyesa pa katoni, mpaka mtundu unafanana ndi wa pakhoma, wa zaka khumi uja. Atamaliza anandiuza kuti ndiloze pamene panali mng'alu. Ndinaloza polakwika.

Ndinene zoona, masiku amenewo ndinali wosangalala. Ndinkatunga madzi, kusefa mchenga, kugwira makwerero, iwo ali pamwamba akuimba mluzu monga ankachitira tili achinyamata. Tinkadyera pakhonde, miyendo ili mbuu, tikuseka zopanda mutu. Sindikumbuka sabata ina m'zaka za kuno imene tinamvana chotero.

Lachinayi anabwera awiri, mtsikana wa chisoti choyera ndi bambo wa kamera. Anayambira kwa a Telala ndipo anathako ola lathunthu. Ndikusuzumira pampanda ndinawaona akuyeza ming'alu ndi kachitsulo, akumata timagalasi topingasa pa mng'alu uliwonse, a Telala akuwatsogolera chipinda ndi chipinda ngati munthu woonetsa munda wobereka. Ndinawamvera chisoni a Telalawo, chitsiru ine.

Kwathu anakhala mphindi khumi ndi zisanu, zambiri mwa izo akumwa tiyi amene ndinawapatsira m'makapu a alendo. Mtsikanayo anayendetsa chikhato pakhoma la pabalaza, anagogoda apa ndi apo, n'kunena kuti m'dera lonseli sanaone nyumba yosamalika chonchi. Kenako anafunsa, maso ali pa fomu yake, ngati chiyambire kuboola taonapo mng'alu uliwonse, ngakhale waung'ono.

Amuna anga anandiyang'ana. Ndikukumbuka bwino lomwe kuti anatsegula pakamwa, ine n'kuwadula.

"M'nyumba ya mmisiri, mwanangu? Fufuzani nokha. Anamanga ndi awa, ndipo ngati kuntchito kwanuko mukufuna munthu wa pulasitala, musavutike n'kupita kutali."

Anaseka, n'kulonjeza kuti akanena. Anachonga kabokosi, a Levulo anasaina m'munsi, ine ndinasaina ngati mboni. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Patatha miyezi itatu mndandanda unamatidwa pakhoma la sukulu. Nyumba anazigawa pawiri. Zofiira zinali zimene phanga laziwononga, ndipo eni ake apatsidwa nyumba zatsopano kutsidya kwa mzinda, galimoto yosamutsira n'kukhala ya boma. Zobiriwira zinali zimene phanga silinazikhudze. Mumzere wathu wa nyumba khumi ndi zinayi, yobiriwira inali imodzi. Ndinaima pamenepo anthu akundikankha, ndikuwerenga nambala ya nyumba yathu mobwerezabwereza. Pobwerera ndinadzera njira ya kuseri kuti ndisakumane ndi munthu.

Nditawauza, a Levulo anakhala pampando wa pakhonde, anavula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala kuphazi. Sananene kuti ndinakuuza. Ndikanakonda akananena, akanatukwana kapena kuswa mbale, ndikanapeza poyankhira. Anangoti mawa tipite ku ofesi tikafotokoze, anthu ophunzira amamva.

Ofesi ya madandaulo inali kuseri kwa phiri, ulendo wa mphindi makumi awiri msewu ukakhala wopanda magalimoto, koma msewu wotero tinali tisanauonepo chibadwire. Tsopano zinafika poipa chifukwa a phanga anali atatseka mbali imodzi ya msewu kuti mathiraki awo a dothi azidutsa. Tinkathera maola atatu m'minibasi, mawondo atagunda mpando wa kutsogolo, utsi ukulowera pawindo, ogulitsa madzi ndi matochi akutidutsa wapansi ulendo wopita ndi wobwerera. Maulendo awiri oyamba tinapeza manambala a pamzere atatha. Ulendo wachitatu kalaliki wake anali kumaphunziro. Wachinayi ndi pomwe tinamuona, bambo wa magalasi wolankhula motsitsa, amene anamvetsera nkhani yathu yonse osatidula. Titamaliza anatembenuzira kompyuta kwa ife. Munali balaza lathu, makoma ali see, nsalu yoyera patebulo, makapu anga a alendo ali poteropo. M'munsi munali masiginecha awiri. Anatifunsa ngati ali athu, ndipo tinavomera. Anati iye amatikhulupirira ngati munthu, koma kompyuta imadziwa zofiira ndi zobiriwira basi, ndipo chobiriwira sichisanduka chofiira popanda kuyenderanso, zomwe zimafuna chilolezo cha bwana wa pamwamba. Anatiuza kuti tizibwera kudzafunsa. Tinapitako maulendo asanu ndi anayi.

Uku tikuyenda, anzathu ankasamuka. Lole ya boma inkabwera Lolemba lililonse, kunyamula banja limodzi kapena awiri, Lachitatu makina n'kudzagwetsa nyumba. A Telala anadzatsanzika atavala jekete. Ndinali nditakonzeka kuti akangoyamba nthabwala zawo ndiwatsuke, koma anavula chipewa, anawagwira amuna anga dzanja kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti pepani, zikanayenera kukhala mwina. Zimenezo zinandipweteka kuposa nthabwala zawo zonse. Pofika nthawi ya mvula tinatsala tokha pakati pa milu ya njerwa, ife ndi agalu amene eni ake anawasiya.

Mvula itayamba, makina anabweranso pansi pathu kudzaboola njira yachiwiri. Ming'alu inabwerera. Sinatulukire malo akale, poti pamenepo waya uja anagwira zolimba, koma pambali pake, motalikira ngati chikhato chimodzi, ikutsatira njira yomweyo. Chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutseka. A Levulo anachipala m'munsi, patatha sabata chinakananso, anachipalanso, mpaka pansi pake pankadutsa mphaka. Tsiku lina ndinawapeza atagwada pabalaza, ataika levulo pansi. Kadontho ka mkati kaja kanali katathawira kumapeto kwenikweni. Anaitembenuza, anaipukuta ndi malaya, anaiikanso, ngati kuti cholakwa chili ndi chida. Bedi tinalikokera pakati pa chipinda, kutali ndi makoma, ndipo tinazolowera kugona nsapato zili pafupi.

Ulendo wachisanu ndi chinayi unabala zipatso, kapena ife tinaona choncho. Anatipatsa kapepala koti Lachiwiri kudzabwera woyendera wina. Tili m'minibasi pobwerera, titaima malo amodzi kwa ola, a Levulo analankhula mawu ambiri kuposa a mwezi wonse. Anati ming'alu yatsopanoyi anthu aja anena kuti yabwera ndi mvula. Chofunika n'kuwaonetsa bala lakale, lija linabwera ndi makina oyamba, kuti aone ndi maso awo kuti linalipo mtsikana wa chisoti uja asanabwere. Nzeru imeneyi inali yawo, osati yanga, koma ndinaivomereza ndi mtima wonse. Inkamveka yolongosoka. Munthu wonamizidwa ndi chophimba, umamuchotsera chophimbacho.

Lolemba anatenga hamala ndi tchizulo n'kuyamba kugumula ntchito yawo ija. Inkakana kuchoka. Anatuluka thukuta kuposa tsiku lomwe ankamata, ndipo sanaimbe mluzu. Pofika madzulo ming'alu itatu yakale inali poyera, waya akulendewera m'mbali. Zidutswa zake ndinaziunjika bwinobwino pangodya kuti zikhale umboni.

Woyenderayo anali bambo wachikulire, wa nkhope yotopa, ndipo tiyi anakana. Anayang'ana khoma, anayang'ana mulu wa zidutswa, anatola chimodzi n'kuchitembenuza. Kenako analowetsa chala m'mabala a tchizulo, oyera, a dzulodzulo. Anati mwezi uno iyi ndi nyumba yachisanu ndi chiwiri imene waipeza mwini wake atalowa khoma ndi tchizulo, ataona anzake akulandira makiyi. A Levulo anayesa kufotokoza za waya, za kumata kawiri, za penti wosakaniza ndi fumbi. Munthu wa mawu awiri patsiku uja analankhula mpaka malovu kuuma. Bamboyo anamvetsera, kenako anatulutsa fomu yoyamba ija m'chikwama.

"Madala, apa munasaina kuti mng'alu mulibe. Lero mukuti unalipo koma munaubisa. Ndiye mwina munanama tsiku lija, mwina mukunama lero. Zonse ziwirizi ndi za kupolisi, nditafuna. Koma ndikuona msinkhu wanu."

Ine ndinalowerera. Ndinati wolakwa ndine, ndine ndinawakakamiza, ndine ndinayankha mtsikana uja, amange ineyo koma nyumba ailembe zoona zake. Ndinagwada pansi, ine amene sindinagwadirepo munthu wa ofesi. Anandiuza kuti ndidzuke, mayi, pansi pali fumbi. Pa fomu analemba kuti khoma lawonongedwa ndi mwini wake, ndipo nkhani yatsekedwa. Potuluka anaima pakhonde n'kutilangiza, ndi mtima wabwino ndithu, kuti tisamagone m'nyumba imeneyi.

Phanga analitsegulira chaka chotsatira. Tili pakhonde tinkamva bandi ndi zokuzira mawu m'munsimo, akuluakulu akulandizana kunena kuti kuchedwa pamsewu kwatha mumzinda uno. Kunathadi kwa milungu itatu. Kenako mzere wa pa zipata zolipirira unayamba kutalika, poti mwa zipata zisanu ndi chimodzi zinkagwira ntchito zitatu, ndipo mchira wake unalowa m'phanga momwemo. Anthu amene kale ankaima padzuwa tsopano ankaima mumdima, atalipira. A mathiraki anaona kuti kulipira kawiri patsiku n'kupusa, ndiye anatulukira kanjira kathu ka m'phiri, komwe kanali katatakasuka nyumba za anzathu zitachoka. Ankakwera akubuula, kudutsa mikono isanu kuchokera pakhonde pathu. Nyumba inkagwedezeka kuchokera pansi ndi kuchokera m'mbali. Pa wailesi anayamba kukamba zoti mzinda ukufunika phanga lina, ndipo akatswiri atumizidwa kunja kukaphunzira mmene anzathu amachitira.

Ntchito za a Levulo zinachepa. Mbiri inali itayenda kuti anagumula nyumba yawo kuti abere boma, ndipo ena ankati ayi, nyumbayo inali yofooka chimangire. Iwo sankatsutsa. Ankadzuka, kuvala ovolosi, n'kukhala pakhonde kuwerenga mathiraki ndi maso. Ine ndinasiya kulongolola, osati chifukwa chophunzira, koma chifukwa mawu aliwonse ndikawayeza ndinkapeza kuti alibe ntchito. Mwana wathu wamkazi ankabwera Lamlungu ndi zakudya, koma adzukulu anasiya kuwabweretsa, ndipo iyenso ankakhalira panja. Kutitenga sakanatha, amakhala m'chipinda chimodzi ndi mwamuna wake ndi ana atatu.

Mvula yachiwiri isanayambe kunabwera anthu a khonsolo ya mzinda. Awa sanafune kulowa n'komwe. Anazungulira nyumba kamodzi, anapaka chizindikiro chofiira pachitseko, n'kutisiyira kalata yoti nyumbayi ndi yoopsa kwa okhalamo ndi kwa odutsa, tichoke pasanathe masiku makumi atatu, idzagwetsedwa. Kufiira tinkakufuna kuja kunabwera, koma kwa ofesi ina, kopanda makiyi. Mmodzi wa iwo anatiuza kuti khonsolo ili ndi malo a anthu amene nyumba zawo zagwa, nyumba yakale yosungiramo katundu kufupi ndi njanji, yogawidwa ndi mabolodi, banja lililonse kachipinda kake, mpopi umodzi panja. Kuti tipatsidwe kachipindako tinayenera kukalemba fomu.

Tinapita Lachisanu. Minibasi zonse tsopano zinkadutsa m'phanga, mtengo atakweza chifukwa cha zipata, ndipo tinakhalamo mphindi makumi anayi, mawindo otseka poopa utsi. Kanali koyamba kulowamo. Ndinkayang'ana kudenga kwake ndikuganiza kuti penapake pamwamba apa pali bedi langa ndi mapoto anga. Amuna anga anatsinzina njira yonse.

Wolemba mafomu anali mayi wansangala, wa msinkhu wa mwana wathu, amene anatipezera mipando iwiri n'kutitchula kuti agogo. Anafunsa mayina, zaka, nambala ya nyumba. Atafika pa chifukwa chimene nyumba yawonongekera, anatiwerengera timabokosi take: madzi osefukira, moto, mphepo, kumangidwa mosalongosoka. Ndinati alembe phanga. Anati kabokosi kameneko kulibe, za phanga zili ndi ofesi yake, ndipo akuona apa kuti kumeneko nkhani yathu inatsekedwa. Ndinati alembe mphepo. Anati anzake amene anabwera kudzaona analemba kale kuti denga lili bwinobwino, ndiye mphepo, moto ndi madzi sizingadutse. Katsala kamodzi, ndipo fomu yopanda chochonga kompyuta siilandira.

Kunja wina ankakangana ndi mlonda za malo oimika galimoto. Mayiyo anachonga yekha, mofulumira, ngati namwino wobaya jakisoni. Kenako anati pali funso lina limene limatsatira kabokosi kameneka: dzina la mmisiri amene anamanga. Anafotokoza kuti khonsolo imasunga mndandanda wa amisiri amene nyumba zawo zagwa, umamatidwa pa bolodi panja, ndipo munthu wolembedwa pamenepo saloledwa kugwira ntchito pa nyumba iliyonse ya pulani yovomerezeka. Anati anthu ambiri amangoti sakumudziwa, ndipo iye amalemba zomwezo.

Ndinaona kuti watitsegulira khomo ndipo ndinathamangira. Ndinati nyumbayo tinachita kugula kwa munthu wina amene anasamuka kalekale, womanga sitinamuonepo. Mayiyo anali atayamba kale kulemba pamene amuna anga anandigwira mkono.

"Mayi, zakwana. Tanama kokwanira pa nyumba imeneyi." Anatembenukira kwa wolembayo. "Ndinamanga ndine, kuyambira maziko mpaka malata. Lembani."

Mayiyo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati amvetsa za bolodi lija. Anati amva. Anatchula dzina lawo lonse, la pa chitupa, pang'onopang'ono kuti lisalakwike, ndipo anaweramira kuti aone ngati lalembedwa bwino. Tinapatsidwa kiyi wa kachipinda nambala makumi anayi ndi ziwiri. Pobwerera ndinalira m'minibasi anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi. Ndinkalirira nyumba, koma kwambiri ndinkalirira munthu amene anakhala pambali panga, chipewa chili pamaondo.

Sabata yomaliza tinazula zimene zikanazuka. Malata, mafelemu a mawindo ndi mitengo ya kudenga tinapereka kwa mpongozi wathu, poti m'kachipinda ka mabolodi simukanakwana. Katundu anatsogola pa ngolo. Tinatsala ndi ndowa ya ziwiya ndi chitseko chimodzi chimene a Levulo anati chikhala tebulo. Ine ndinkafuna tichoke makina asanafike, koma iwo anati nyumba siigwetsedwa mwini wake palibe.

Makinawo anafika Lachitatu cha m'ma eyiti, akuyendetsa bambo wonenepa wokonda kucheza, yemwe uja anagwetsa nyumba za anzathu. Anatipatsa moni ali pamwamba, anatiuza kuti tiime kutali chifukwa cha fumbi, n'kuyambira kukhitchini. Makoma a kumbuyo sanavute. Atafika pakhoma la kutsogolo, la pakhonde lija, anakankha kamodzi, njerwa zinakhuthukira mkati, koma pulasitala wa chigawo chonse anagwa chathunthu, wamkulu ngati chitseko cha galaja, n'kugona pamwamba pa mulu osasweka. Dalaivalayo anazimitsa injini n'kutsika. Anapondapo, anadumphapo ndi thupi lake lonselo, anamenya ndi chidendene cha jombo. Panangochoka kachidutswa pangodya. Anagwada n'kuyendetsa chikhato pamwamba pake, akuimba mluzu wodabwa.

Anabwera pomwe tinaima akupukuta manja. Anati m'phiri lino wagwetsa nyumba zoposa mazana awiri, zina za anthu olemera, koma ntchito ngati iyi sanaione. Iyenso akumanga kanyumba kake kunja kwa mzinda, kafika pofuna pulasitala, ndipo amisiri a masiku ano amuliza kawiri.

"Anakumatirani ndani, madala? Ngati ali moyo ndipatseni nambala yake, ndimufuna mawa lomwe."

Nyumba ya kunja kwa mzinda sifuna pulani ya khonsolo, ndipo munthuyo ankaoneka kuti sakuseka. Ndinawayang'ana amuna anga. Manja awo anali m'matumba a ovolosi, maso ali pa chigawo chogona pamulu chija.

"Sindikumudziwa, achimwene. Pitirizani, dzuwa likukwera."

Dalaivalayo anati n'zachisoni, anakwera n'kuliza injini. Amuna anga anasenza chitseko n'kuyamba kutsika phiri m'mphepete mwa njira, akupatukira mathiraki, ine pambuyo pawo ndi ndowa. Kumbuyo kwathu khoma la pabalaza linagwa, tonse tinalimva, koma sanacheuke.